Ken Miles: Makaniko Amene Dzina Lake Silidalembedwe pa Galimoto

Chiyambi

Ku America kuli anthu ambiri amene Loweruka ndi Lamulungu amakhala ali chagada kunsi kwa galimoto zakale m'magalaja a pakhomo pawo. Galimoto zimene amazikonda kwambiri ndi zomwe zidapangidwa kuyambira mu 1964 mpaka kumayambiriro a zaka za m'ma 1970. Eni ake amazitcha muscle car, kufanizira galimotoyo ndi munthu wadzitho. Zimakhala za zitseko ziwiri, zosakula kwenikweni, koma zokhala ndi injini yaikulu ya masilinda 8 imene amaitcha V8. Munthu amagula chiphapha chodyeka ndi dzimbiri n'kuchiphwasula chonse, kudula malata oola, kuwotcherera atsopano, kumasula injini ndi kuimanganso. Pakatha zaka zingapo galimoto ija imabwerera pamsewu. Ambiri sakhutira ndi kuibwezera mmene idatulukira kufakitale. Amasintha zina ndi zina kuti izithamanga kwambiri, izikhota bwino ndiponso iziima msanga.

Imodzi mwa galimoto zimene anthuwa amatengerapo nzeru ndi Shelby GT350 ya mu 1965. Dzina limene lili pa galimotoyi ndi la Carroll Shelby, mwini wa kampani imene idaikonza. Komabe mmodzi mwa anthu amene adaiyesa pabwalo ndi kuiwongola mpaka idakhala mmene ikudziwikira lero adali Mngerezi wina wowonda, wolankhula mosapsatira, dzina lake Ken Miles.

M'chimangirizo chino ndifotokoza moyo wa munthu ameneyu kuyambira kubadwa kwake mpaka imfa yake. Ndikufuna kuonetsa kuti luso limene lidamufikitsa ku mipikisano ikuluikulu adaliphunzira posintha galimoto wamba ndi manja ake, ndipo luso lomwelo ndi limene lidabwerera m'magalaja a pakhomo, ngakhale lidabwerera litavala dzina la munthu wina. Popeza ndine wophunzira za ziyankhulo ndi zolembalemba, ndiziima m'malo angapo kuti ndionenso nkhani ya mayina.

Ubwana ndi usilikali

Kenneth Henry Jarvis Miles adabadwa pa 1 Novembala 1918 ku Sutton Coldfield, pafupi ndi mzinda wa Birmingham ku England. Apa n'kuti kutatsala masiku 10 kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse ithe. Dera la Birmingham kudali kuchimake kwa mafakitale a galimoto ndi njinga zamoto. Kampani ya Austin idali ku Longbridge, ya Wolseley ku Ward End, ndipo ya BSA ku Small Heath. Mnyamata wokonda zitsulo sakadasowa kolowera.

Miles sadapite patali ndi sukulu. Ali ndi zaka 15 adaisiya n'kukayamba kuphunzira ntchito ku Wolseley Motors, ndipo kampaniyo idamutumiza kusukulu ya zaumisiri kuti akadziwe mmene galimoto imamangidwira. Akadali mnyamata choncho adapeza kagalimoto ka Austin 7 n'kukasandutsa kampikisano. Austin 7 idali galimoto yaing'ono ndi yotsika mtengo, ndipo anyamata ambiri opanda ndalama adaphunzirira pa iyo. Ankachotsa bodi yolemera, kutsitsa chimango, n'kuveka bodi yopepuka yopanga okha. Colin Chapman adamanga galimoto yake yoyamba ya Lotus mu 1948 pa chimango cha Austin 7, ndipo Bruce McLaren wa ku New Zealand, amene tikumana nayenso kutsogoloku, adayambiranso pa Austin 7. Miles adapikisanaponso pa njinga zamoto asanalowe usilikali.

Nkhondo yachiwiri itabuka, ntchito yake yoyamba idali yophunzitsa asilikali kuyendetsa galimoto. Mu Okutobala 1942 dziko la Britain lidakhazikitsa gulu la amisiri a nkhondo lotchedwa Royal Electrical and Mechanical Engineers, ndipo Miles adali mmodzi mwa oyamba kulowamo. Mu Juni 1944 adaoloka nyanja n'kutsikira ku Normandy m'dziko la France, ndipo adagwira ntchito ndi magulu a akasinja mpaka nkhondo idatha. Adachoka kuusilikali mu 1946 ali ndi udindo wa staff sergeant. Makaniko wa kunkhondo sakhala ndi sitolo ya zipangizo pafupi. Kasinja akafa panjira amadzutsidwa ndi zomwe zilipo, ndipo pamafunika changu. Ndikukhulupirira kuti zaka zimenezi ndi zimene zidamuzoloweza kugwira ntchito mofulumira ndi zipangizo zochepa.

Atabwerera kwawo adayamba kupikisana pa galimoto zakale za Bugatti, Alfa Romeo ndi Alvis m'bungwe la Vintage Sports-Car Club. Kenaka adayendetsa galimoto yopepuka ya ku England yotchedwa Frazer Nash, yokhala ndi injini ya V8 ya kampani ya Ford ya ku America. Owerenga asunge mfundo imeneyi ya bodi yaing'ono ndi injini yaikulu, chifukwa ndi yomwe adadzagwirira ntchito ku America, ndiponso ndi imene muscle car iliyonse idamangidwapo.

Ku California

Moyo ku England pambuyo pa nkhondo udali wothina. Petulo yemwe ankagulitsidwa mwa muyeso mpaka mu 1950. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1952 Miles adasamukira ku Los Angeles, komwe adakakhazikika ndi mkazi wake Mollie ndi mwana wawo wamwamuna. Adalembedwa ntchito yoyang'anira galaja ya Gough Industries, kampani imene inkagulitsa galimoto za MG kum'mwera kwa California.

Galimoto za MG zidali ndi injini zazing'ono, ndipo Miles adalibe ndalama zogulira Ferrari kapena Jaguar. Chimene adachita ndi chomwe adachita ndi Austin 7 ija. Adawotcherera chimango cha mapaipi achitsulo, adatola zipangizo za MG, n'kumanga galimoto yakeyake yopepuka kwambiri, ya injini yosafika malita 1.5. Mu 1953 adapambana nayo mipikisano 14 motsatizana.

Mu 1955 adamanga yachiwiri. Idali yotsika ndi yaphwatalala kotero kuti anthu adaitcha Flying Shingle, kutanthauza phale la padenga louluka. Mu Malichi chaka chimenecho adafika nayo poyamba pa mpikisano wa ku Palm Springs, pomwe mmodzi mwa omwe adawasiya m'mbuyo adali James Dean, katswiri wa mafilimu amene adadzafa pangozi ya galimoto mu Seputembala chaka chomwecho. Koma oyendetsa mpikisano adamulanda Miles chipambanocho ponena kuti malata ophimba matayala a galimoto yake adali otambalala kuposa muyeso wololedwa. Aka sikadali komaliza kuti lamulo la mpikisano limuchotsere chimene adachigwira kale m'manja. Mu Juni 1955 adapita koyamba ku mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans m'dziko la France, ndipo iye ndi mnzake Johnny Lockett adamaliza pa nambala 12 pa galimoto ya MG. Chimenechi ndi chaka chimene anthu oposa 80 adafa ku Le Mans galimoto ina italowa m'khamu la oonerera.

Mu 1956 adayendetsa Porsche 550, ndipo pokonzekera mipikisano ya 1957 adaika injini ya Porsche m'chimango cha galimoto ya Cooper. Anthu adadula mayina awiriwo n'kuwalumikiza, galimotoyo n'kukhala Pooper. Ophunzira anzanga a ziyankhulo aona kuti dzinali lidapangidwa mmene galimotoyo idapangidwira: chidutswa cha uku ndi chidutswa cha uko. Aonanso kuti ngakhale pa galimoto imeneyi, mayina amene adalowa m'dzinalo adali a makampani.

Pa zamalonda Miles sadali ndi mwayi. Adatsegula galaja yakeyake ku North Hollywood, koma kumayambiriro a zaka za m'ma 1960 idatsekedwa chifukwa cha ngongole ya msonkho. Adali munthu wa lilime lakuthwa, wosadziwa kunyengerera, ndipo anzake a ku America ankamuseka chifukwa chokonda tiyi monga Mngerezi weniweni. Koma panalibe wotsutsa kuti akazungulira bwalo kangapo ankatsika n'kunena chenicheni chimene chikuvuta pa galimoto, kenaka n'kutenga sipanala kukachikonza yekha. Oyendetsa aluso adalipo ambiri, amakaniko aluso adaliponso ambiri, koma munthu wodziwa zonse ziwiri adali wosowa.

Kukumana ndi Carroll Shelby

Carroll Shelby adali wa ku Texas. Adapambana mpikisano wa Le Mans mu 1959 pa galimoto ya Aston Martin, koma adasiya kupikisana mu 1960 chifukwa cha matenda a mtima. Mu 1962 adagwirizana ndi kampani ya AC ya ku England kuti izimutumizira galimoto zake zopepuka zopanda injini, iye n'kumaikamo V8 ya Ford ku California. Galimoto imeneyi adaitcha Cobra. Shelby adali ndi luso lokopa anthu andalama ndi kusonkhanitsa amisiri, ndipo mu 1963 Miles adakhala mmodzi mwa anthu ake, akugwira ntchito yoyesa galimoto ndi kupikisana nazo.

Chaka chomwecho kudachitika kanthu kamene kamaonetsa bwino mtundu wa mmisiri amene Miles adali. Ogulitsa galimoto za Sunbeam ku America adafuna kudziwa ngati injini ya V8 ingalowe m'kagalimoto kawo ka Alpine. Adapempha kampani ya Shelby kuti imange yachitsanzo pa mtengo wa madola 10,000. Poona kuti ntchitoyo itenga nthawi, adapatsanso Miles galimoto ina, injini ndi madola 800. Patangotha pafupifupi sabata imodzi, ya Miles idali ikuyenda. Idali yosamalizika bwino, koma idayankha funso limene lidafunsidwa, ndipo m'tsogolo mwake galimoto za mtunduwu zidagulitsidwa ndi dzina loti Sunbeam Tiger.

Ku kampani ya Shelby American, Miles adathandiza kukonza Cobra ya injini ya malita 4.7 ndi ina ya malita 7. Adathandizanso kumanga ndi kuyesa Daytona Coupe, imene bodi yake adajambula ndi Peter Brock. Galimoto imeneyi ndi imene idathandiza kuti kampani ya Shelby igonjetse Ferrari pa chikho cha dziko lonse cha galimoto za gulu la GT mu 1965.

Kusintha Mustang kukhala GT350

Pano ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene moyo wa Miles umakhudzana ndi anthu okonza galimoto pakhomo.

Kampani ya Ford idatulutsa Mustang pa 17 Epulo 1964. Idali yokongola ndi yotsika mtengo, ndipo m'chaka choyamba chokha idagulitsa zoposa 400,000. Koma kunsi kwake idali ndi zipangizo za Falcon, galimoto wamba ya banja. Lee Iacocca, mmodzi mwa akuluakulu a Ford, adafuna kuti Mustang idziwikenso pa mipikisano, ndipo adapempha Shelby kuti aisinthe. Bungwe la Sports Car Club of America lidali ndi malamulo ake. Galimoto iyenera kukhala ya mipando iwiri, payenera kupangidwa zosachepera 100, ndipo yopita kumpikisano ingasiyane ndi yogulitsa pa injini kapena pa zitsulo zogwira matayala, koma osati pa zonse ziwiri. Anyamata a Shelby adasankha kuti zogwira matayala zikhale za mpikisano ngakhale pa galimoto zogulitsa. Chisankho chimenechi ndi chimene chidapangitsa ntchito ya Miles kukhala yofunika kwambiri.

Mutu umodzi susenza denga. Ntchitoyi ankaitsogolera ndi injiniya Chuck Cantwell. Masamu a kaimidwe ka matayala adachokera kwa Klaus Arning wa ku Ford. Miles ndi Bob Bondurant ankazungulira ndi galimoto zoyeserera pa bwalo la Willow Springs m'chipululu cha California, kuyesa, kusintha ndi kuyesanso. Galimoto zinkachoka kufakitale ya Ford ku San Jose zili zoyera, zopanda boneti ndi mpando wakumbuyo, ndipo ku Shelby American ankazichita zotsatirazi.

Pa injini ya malita 4.7 adaikapo kabuleta yaikulu ya Holley, chitsulo cha aluminiyamu chogawira petulo ndi mpweya ku masilinda, ndi mapaipi a utsi otakasuka otulukira m'mbali, kutsogolo kwa matayala akumbuyo. Injini ili ngati munthu: ikamapuma momasuka imagwira ntchito mwamphamvu. Mphamvu yake idakwera kuchoka pa mahosipawa 271 kufika pa 306.

Kutsogolo adaboola mabowo atsopano n'kutsitsa ndi inchi imodzi, kapena kuti masentimita 2.5, pamene pamamangidwa mkono wachitsulo wam'mwamba wogwira tayala. Chifukwa chake n'chakuti Mustang wamba ikamakhota mwaliwiro, tayala lakunja linkapendekera kunja n'kumaponda msewu ndi m'mphepete mokha. Mkono uja utatsitsidwa, tayala lidayamba kuponda ndi mimba yonse, ndipo galimoto idagwira msewu. Adaikaponso mashoko a Koni, chitsulo chokulirapo choletsa galimoto kupendama, ndi zitsulo zina zopingasa m'chipinda cha injini kuti bodi isapindike. Kumbuyo adaika mabuleki aakulu otengedwa ku galimoto ina ya Ford yonyamula banja ndi katundu, pamodzi ndi difu yokakamiza matayala onse awiri kukoka limodzi. Boneti yachitsulo idalowedwa m'malo ndi yopepuka ya fibreglass. Pamalo pa mpando wakumbuyo padagona tayala lapadera. Batire idasamutsidwira kubuti kuti kulemera kugawike bwino, ngakhale pambuyo pake adaibwezera kutsogolo ogula atadandaula za fungo lake.

Ndikaona mndandanda umenewu, chimene chimandigwira mtima n'chakuti mulibe chozizwitsa. Zambiri ndi ntchito ya sipanala, chiboolero ndi tepi yoyezera. Zipangizo zina zidatoledwa pa galimoto zina za kampani yomweyo, monga mmene Miles ankatolera zipangizo za MG zaka 12 m'mbuyomo. Nzeru idali podziwa chofunika kusintha ndi muyeso wake, ndipo muyesowo udapezeka pozungulira bwalo kambirimbiri.

Pa 14 Febuluwale 1965 Miles adapita ndi GT350 yoyamba ya mpikisano ku bwalo la Green Valley ku Texas n'kupambana. Wojambula wina adaijambula ili m'malere, matayala onse anayi atasiya nthaka pokwera kamtunda. Chaka chimenecho Jerry Titus adatenga chikho cha gulu la B Production pa GT350, ndipo galimoto za mtunduwu zidatenganso chikhocho mu 1966 ndi mu 1967. Mu 1965 adapanga GT350 zokwana 562 zokha, ndipo imodzi inkagulidwa madola 4,547.

Dzina loti GT350 nalonso lili ndi nkhani. Nambala 350 sikukula kwa injini, pakuti m'miyeso ya ku America injiniyo ndi 289, komanso si mphamvu yake. Nkhani yotchuka imati Shelby, atatopa ndi mkangano wa dzina, adatuma munthu kuwerenga mapazi kuchoka pa nyumba ina kufika pa inzake, ndipo chiwerengero chimene adabwera nacho ndicho chidakhala dzina.

Chaka cha 1966

Pa nthawi yomweyo kampani ya Ford idali pa mkangano ndi Ferrari. Mu 1963 Henry Ford II adafuna kugula kampani ya Enzo Ferrari, koma zokambirana zidasokonekera kumapeto. Ford idaganiza zokagonjetsa Ferrari ku Le Mans ndi galimoto yatsopano yotchedwa GT40. Mu 1964 galimotoyi sidamalize mpikisano ngakhale umodzi, ndipo kumapeto kwa chakacho idaperekedwa kwa Shelby. Miles ndi mmisiri Phil Remington adaikonza, ndipo mu Febuluwale 1965 Miles ndi Lloyd Ruby adapambana nayo ku Daytona. Kumeneku kudali kupambana koyamba kwa GT40. Ku Le Mans chaka chimenecho giyabokosi idamufera panjira.

Chaka cha 1966 chidayamba bwino. Miles ndi Ruby adapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Daytona mu Febuluwale, ndi wa maola 12 wa ku Sebring mu Malichi. Akadapambananso ku Le Mans, Miles akadakhala munthu woyamba kutenga mipikisano itatuyi m'chaka chimodzi. Pa 19 Juni, mpikisano utatsala pang'ono kutha, Ferrari zonse zamphamvu zidali zitafa, ndipo Miles ndi mnzake Denny Hulme adali patsogolo. Akuluakulu a Ford adafuna chithunzi cha galimoto zawo zitatu zikumaliza pamodzi, choncho adalamula Miles kuti achepetse liwiro adikire anzake. Munthu wodziwika ndi makani uja adamvera. Galimoto yake ndi ya Bruce McLaren ndi Chris Amon zidamaliza zitazungulira bwalo ka 360 iliyonse. Koma malamulo a ku Le Mans ankawerengera mtunda, ndipo popeza galimoto ya McLaren idayambira mamita angapo kumbuyo kwa ya Miles, idaoneka kuti yayenda mtunda wautali. Chikho chidapita kwa McLaren ndi Amon, Miles n'kukhala wachiwiri.

Sadanyanyale ntchito. Patatha miyezi iwiri adali pa bwalo la Riverside ku California, kuyesa galimoto yatsopano ya Ford imene ankangoitcha J-car, yomangidwa ndi aluminiyamu wopepuka wooneka ngati chisa cha njuchi. Pa 17 Ogasiti 1966, atayesa pafupifupi tsiku lonse, galimotoyo idapatuka ili pa liwiro lalikulu, idagubuduzika n'kuyaka moto. Miles adaponyedwa kunja ndipo adafera pomwepo. Adali ndi zaka 47, ndipo mwana wake adali ndi zaka 15.

Ngoziyi itachitika, Ford idasintha maonekedwe a bodi n'kuikamo khola la mapaipi achitsulo lotchinjiriza woyendetsa. Galimotoyo idapatsidwa dzina loti Mk IV, ndipo mu 1967 Dan Gurney ndi A. J. Foyt adapambana nayo ku Le Mans. Pa mpikisano womwewo Mario Andretti adachita ngozi yoopsa pa Mk IV ina koma adatuluka wamoyo, ndipo ambiri amati khola lija ndi limene lidamupulumutsa.

Ntchito yake m'magalaja a pakhomo

Nyengo ya muscle car sidakhalitse. Galimoto monga Pontiac GTO, Dodge Charger, Chevrolet Chevelle SS ndi Plymouth Road Runner zidatchuka kwa zaka zochepa, kenaka mitengo ya inshulansi idakwera, lamulo lochepetsa utsi la mu 1970 lidafooketsa injini, ndipo kusowa kwa mafuta kwa mu 1973 kudamalizitsa. Zambiri zidatayidwa m'mabwalo a ziphapha ndi m'nkhokwe za m'mafamu. Ana amene ankazisirira atakula n'kupeza ndalama ndi amene adayamba kuzitola.

Popeza GT350 zenizeni ndi zochepa ndi zodula, munthu wamba amagula Mustang wamba ya mu 1965 kapena 1966 n'kutsata njira imene Miles ndi anzake adayenda. Amayamba ndi dzimbiri, chifukwa Mustang ilibe chimango chapadera. Bodi yomweyo ndiyo imanyamula zonse, ndipo pansi pakaoola galimoto yonse imafooka. Malo amene amaola kawirikawiri ndi pansi popondera mapazi, ndi kunsi kwa galasi lakutsogolo kumene madzi amvula amaima. Akamaliza kuwotcherera amabwera ku mabuleki. Galimoto za zaka ziwirizi zidali ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki, kotero kuti paipi imodzi ikaphulika mabuleki onse anayi amatha, choncho ambiri amaika ya njira ziwiri imene idayamba mu 1967. Kenaka amatenga kachitsulo koonetsa poboola, kuboola mabowo awiri mbali iliyonse, n'kutsitsa mkono uja ndi inchi imodzi. Ntchito imeneyi imatha pa Loweruka limodzi ndipo siidya ndalama zambiri. Injini amaimalizira, monga mmene zidalili ku Willow Springs kumene kugwira msewu kudali patsogolo pa mphamvu.

Kutsitsa mkono kumeneku anthu ambiri amakutcha Shelby drop. Ena amene amatsata mbiri amakutcha Arning drop, pokumbukira mwini masamu. Dzina la amene adakuyesa pabwalo silimveka. Pophunzira za mayina timaona kuti dzina la chinthu limakonda kutsata mwini chuma kapena chizindikiro cha malonda, ndipo likangokhazikika pakamwa pa anthu silisunthika. Sindikunena kuti Shelby adaba ulemu wa wina, pakuti popanda iye sipakadakhala ndalama, fakitale kapena gulu la amisiri limene Miles adagwira nalo ntchito. Ndikungoona kuti dzina limodzi likakhala pa galimoto, manja ambiri amabisika kuseri kwake.

GT350 ija idauluka ku Green Valley nayonso idadutsa njira ya chiphapha. Mu 1970 idagulitsidwa ku Mexico, komwe idapikisana zaka zochepa n'kusiyidwa. Idapezeka mu 1989 n'kubwezedwa ku America, ndipo pambuyo pake idakonzedwa mosamala kuti ioneke mmene idalili tsiku limene Miles adaiyendetsa. Mu Julayi 2020 idagulitsidwa pa okushoni ku Indianapolis pa mtengo wa madola 3.85 miliyoni. Mbali yaikulu ya mtengowo idali yogulira mbiri ya munthu amene galaja yake idatsekedwa chifukwa cholephera kulipira msonkho.

Mathero

Kwa zaka zambiri Ken Miles ankadziwika ndi okonda mipikisano okha. Mu 2001 dzina lake lidalowetsedwa mu Motorsports Hall of Fame of America, ndipo mu 2019 filimu ya Ford v Ferrari, imene ku Britain idatchedwa Le Mans '66, idamudziwitsa ku dziko lonse kudzera mwa Christian Bale amene adasewera mbali yake. Filimuyo idatsindika za liwiro ndi za chikho chimene chidamupulumuka. Bwalo la Riverside kumene adafera lidatsekedwa mu 1989, ndipo pamalopo padamangidwa masitolo ndi nyumba.

M'chimangirizo chino ndayesa kuonetsa mbali ina ya moyo wake. Kuyambira pa Austin 7 ya ku Birmingham, kudzera pa akasinja a ku Normandy ndi galimoto za MG za ku California, mpaka pa GT350, ntchito yake idali imodzi: kutenga galimoto imene ilipo, kupeza chimene chikuilepheretsa, n'kuchisintha ndi zipangizo zopezeka. Imeneyi ndi ntchito yomwe amagwira munthu wokonza muscle car pakhomo pake lero. Kwa ife amene tikuphunzira kulemba mbiri za anthu, moyo wa Miles ukutikumbutsa kuti tikaona dzina pa chinthu, tizifunsanso za amene adachigwira ndi manja.